Kambiya Kosatsuka ka Amayi

Ndikukumbukira kambiya kakuda kamene kankakhala patsindwi la khitchini yathu ku Chulu, kovundikiridwa ndi mbale yobenthuka. Amayi anga anali munthu waukhondo wopitirira muyezo. Mapoto ankakwecha ndi mchenga mpaka kung'anima, ifenso ankatikhula zidendene ndi mwala mpaka misozi. Koma kambiya aka sikankalawa madzi otsukira. M'kati mwake munali zotsalira za mowa wa zaka ndi zaka, zouma, zong'aluka ngati dothi la kudambo m'chilimwe. Amayi ankati m'menemo ndi mmene mumagona mbewu ya mowa wawo.

Ofulula mowa wamasese analipo ambiri m'mudzi mwathu, koma wa amayi unali ndi fungo lakelake. Sindinganame kuti linali lokoma. Linali fungo la masuku oyamba kuwola, losakanikirana ndi la khola la mbuzi mvula itangosiya. Mlendo ankayamba wakwinya mphuno, kenako n'kupempha chipanda chachiwiri. Azimayi ena anali atayamba kugula isiti ya m'mapaketi kusitolo ya a Yusufu, amene ankapereka paketiyo akuyang'ana kumbali n'kunena kuti, "Ndi ya mandasi imeneyi, eti mayi?" Mowa wa isiti unkawira msanga, koma abambo anga ankati umangoledzeretsa, pakamwa susiya kanthu. Amayi ankadzutsa mbewu yawo mwanjira ina. Masuku akayamba kugwa, tinkatola ophulika aja, osawatsuka, n'kuika makoko ake m'kambiya pamodzi ndi thobwa pang'ono. Pakapita masiku angapo kambiya kankayamba kunong'ona, tithovu tikutuluka, khitchini yonse n'kununkha.

Tsono ntchito yothira mbewuyo mumgolo wa mowa inali yanga. Lamulo la amayi linali lakuti munthu wamkulu asathire, chifukwa akuluakulu ndi otentha, mowa ungasase. Pankafunika dzanja la mwana, lozizira. Mwana wamkazi m'nyumbamo ndinali ndekha, ndipo alongo anga awiri m'mutu mwawo munali mpira ndi mbewa basi. Ndinkanyamula kambiya ndi manja awiri, amayi atagwira mthiko waukulu, ine n'kumathira pang'onopang'ono iwo akutakasa. Tsiku lakumwa amuna ankandiitana pagulu. "Bwera kuno Enelesi. Dzanja lako lisadwale!" Kusukulu ndinali wapakatikati, pa mpira wamanja ankandisankha pomalizira, koma pa mowa wa amayi panalibe wondiposa. Ndinkayenda khosi lili gwa sabata yonse.

Chaka chimene abambo anakulitsa munda wa fodya, amalume anabwera ndi mwana wawo Wezi kuti adzakhale nafe, poti mayi ake ankadwaladwala. Ankachokera cha kumpoto kwa boma lathu, kumene anthu amayankhulanso Chitumbuka. Kanali kamwana koonda, kogweluka mano akutsogolo, kosatha ngakhale kusenza ndowa popanda kudzithira madzi. Ukakafunsa kanthu kankangoti, "Nkhumanya yayi," kutanthauza kuti sikakudziwa. Ukakapatsa kanthu, zikomo wake anali "Yewo." Amayi anakakonda tsiku lomwelo. Anakapatsa diresi langa lamaluwa, ndipo anakagoneka pamphasa yanga, mbali ya kukhoma kumene sikunkafika mphepo. Zonsezi ndinapirira. Diresi linali litandithina kale, mphasanso inali yaikulu.

Fodya atayamba kutambasula masamba, abambo anaona kuti chigafa chimodzi choyanikamo sichikwana. Anamema amuna a m'mudzi kuti adzathandize kuzika mitengo ndi kufolera chachiwiri, malipiro ake mowa, monga tinkachitira pa dima. Amayi anaviika chimanga, chimera chinamera pansi pa masaka onyowa, tinachiyanika, tinakagayitsa. Masuku ndinakatola ine, m'tchire la kuseri kwa minda, minga ikundibaya. Wezi ananditsatira, koma ntchito yake inali kudya. Makoko ndinaika ine m'kambiya. M'mawa uliwonse ndinkakwera pamtondo n'kugunditsa khutu kuti ndimve ngati kayamba kunong'ona, ndipo tsiku limene kanayamba ndine ndinathamanga kukauza amayi.

Tsiku lothira linafika. Phala linali litazizira mumgolo, amayi anaviikamo chigongono n'kugwedeza mutu kuti lafika. Ndinatsitsa kambiya, ndinafika nako pamgolo, nditasamba kale m'manja osauzidwa. Amayi anandiyang'ana. Sanandiyang'ane kumaso ayi, anandiyang'ana thupi lonse kuyambira kumapazi, monga ankachitira ndi chimanga poona ngati chakhwima. Kenako anatambasula manja n'kundilanda kambiya kaja mofatsa.

"Wezi, kasambe m'manja ubwere."

"Amayi, ndithira ine," ndinatero.

"Iwe kathyole nkhwani."

Nkhwani! Manja anga anatsala m'malere ngati ndikadagwirabe kanthu. Wezi anali wamfupi moti anachita kumukweza pamtondo wanga womwe uja. Pothira, mbewu ina inatayikira m'mphepete mwa mgolo, ndipo amayi, amene akanandikalipira ine mpaka mawa lake, anangoti, "Pang'onopang'ono, mwanawe." Fungo lija linakwera n'kudzaza khitchini, fungo la masuku anga, otola ine, obayidwira minga ine. Ndinapita kumunda ndikulira, ndipo nkhwani ndinathyola wokhwima wokhawokha.

Nsanje imene inandigwira sindinayambe ndaimvapo. Mowa umenewo ndinaupempherera kuti usase. Ndinkafuna uwawase ngati ndimu, amuna alavule, chigafa chitsale chopanda denga, fodya anyowe, kuti amayi adziwe dzanja limene ataya. Ndikamadutsa pamgolo ndinkauyang'ana ndi diso loipa. Koma mgolo unalibe nazo ntchito. Unkangowira mokondwa, thovu likusefukira pansi, nkhuku zikujompha n'kumayenda mokhotakhota pabwalo.

Pa tsiku la dima amuna anafika ndi nkhwangwa ndi luzi, ndipo dzuwa lisanapendeke chigafa chinali chitaima, udzu uli mbee padenga. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, chipanda chikuzungulira. Panali a Chisale, mkulu amene ankadzitama kuti lilime lawo limadziwa mowa wa mudzi uliwonse kuchokera ku Chulu mpaka ku Lisasadzi. Anamwa, anatseka maso, anapukuta ndevu ndi chikhatho.

"Anaphiri, lero mwaonjeza. Uwu ukukanda kukhosi bwinobwino. Ali kuti Enelesi?"

Mtima wanga unadumpha. Ndinali nditabisala kuseri kwa nkhokwe, ndipo phazi limodzi ndinali nditaponya kale.

"Wathira ndi mlendo wathuyu," anatero amayi.

Anamuitana Wezi, anabwera akukoka diresi langa lamaluwa, anagwada. A Chisale anamugwira kadzanja kaja n'kukatembenuza, kuona uku ndi uku. "Dzanja lako lisadwale!" Amuna onse anaseka, ndipo iye anangoti, "Yewo." Mawu oyamikira dzanja aja anali anga chiyambire. Sindinkadziwa kuti angakwanenso munthu wina monga linachitira diresi. Tsiku limenelo ndinakana kudya. Wezi anandibweretsera bango lakupsa kuseri kwa nkhokwe kuja, ndinalikankha, ndipo iye anakhala pansi n'kulidya pamaso panga ndi nkhama zake.

Patangopita masabata ochepa, thupi langa linandiuza zimene amayi anali ataona kale. Ndinatha msinkhu. Azakhali anabwera kudzandilangiza m'nyumba, ndipo amayi anandipatsa chitenje chatsopano, chikadali ndi fungo la sitolo ya a Yusufu. Akundimanga m'chiuno anati, "Ndinakuona tsiku lija, mwanangu. Dzanja lako linali litayamba kufunda. Ndikanatani ine ndi mowa wa anthu onse aja?" Ndinayenera kusangalala, chifukwa anzanga onse ankasirira chitenjecho. Koma ine ndinkangoganiza kuti Wezi ali ndi zaka zambiri zoti azithira, pamene zanga zinatha popanda wondichenjeza kuti kuthira kwa chaka chatha kunali komaliza. Ndikanadziwa ndikanathira mosafulumira.

Lero ku Chulu zinthu zinasintha. Zigafa zambiri zinagwa, anthu atembenukira ku soya ndi mtedza. Dima linatha, aliyense akufuna ganyu. Tchire la masuku lija linapita ndi nkhwangwa, ndipo achinyamata amamwa zam'mabotolo zimene zimanunkha chimodzimodzi kulikonse. Ine ndinakwatiwa kuboma, ndimasoka zovala pamsika. Wezi sanabwererenso kwawo. Ndiye anasamala amayi mpaka tsiku lawo lomaliza, ndipo kambiya kanatsala m'manja mwake. Palibe anandifunsa. Ndikudziwa kuti kanamuyenera, koma kudziwako sikunandichiritse.

Chaka chatha, pokonzekera chinkhoswe cha mwana wanga wamkazi, ndinafuna kuti pakhale mowa wa amayi. Ndinakwera kabaza mpaka ku Chulu kukabwereka kambiya. Wezi tsopano ndi mayi wathupi lake, mano onse ali momwemo, ndipo Chichewa amachiyankhula kundiposa. Anakakulunga m'chitenje, anandipatsira atagwada, n'kunena kuti, "Koma musakakatsuke, asuweni." Kundiuza ine!

Masuku ndinachita kugula pamsika. Makoko ndinaika m'kambiya, ndipo m'mawa uliwonse ndinkagunditsa khutu monga kale, mayi wa imvi zanga. Amene anathira ndi kamdzukulu ka aneba. Mowa unawira, fungo lija linadzaza nyumba, moti ndinakhala pansi m'khitchini n'kulira, chifukwa zinali ngati amayi alowa ndi mthiko wawo.

Pachinkhoswe panabwera mkulu wina wa kwathu, mwana wa a Chisale aja, naye atamera ndevu zoyera. Anamupatsa chipanda. Anamwa, anatseka maso, anapukuta pakamwa. Ine ndinasendera pafupi ngati ndikutola mbale, mtima ukudumpha monga tsiku lija kuseri kwa nkhokwe.

"Eee," anatero, "uwu ndiye mowa wa Wezi weniweni."

Wezi wakhala akutumiza uthenga wofunsa kuti ndibweza liti. Kambiya kadakali pamwamba pa kabati yanga.