Mphaka wa Abiti Saidi sanatumidwe ndi munthu

Lachiwiri m'mawa ndikupita kukakwera minibasi, ndinakumana ndi aneba anga a Kachingwe atanyamula thumba la feteleza lomwe linkaphiriphitha. Ankalowera kumtsinje wa Domasi. Nditawafunsa, anati m'thumbamo muli mphaka wa Abiti Saidi, ndipo akukamuponya m'madzi.

Mlandu wake? Sabata yonse mphakayo ankasiya makoswe akufa pakhomo pa a Kachingwe, ena opanda mitu. Akazi awo ndi oyembekezera. Achibale atamva pafoni anagamula pomwepo kuti mphakayo ndi wotumidwa.

Abiti Saidi ndi mayi wamasiye wokhala kuseri kwathu, ndipo amalera ana awo ndi geni ya zitumbuwa pa Songani. Nkhani inawatsogolera kumsika. Lolemba anabwerako beseni lili lodzaza.

Ndinafunsa a Kachingwe ngati mphakayo amadya kwawo. Anakanda m'mutu, kenako anavomera kuti madamu amamuponyera mitu ya usipa, poti amawachotsa kusungulumwa iwo akapita kuofesi.

Nkhani yonse ndi imeneyo. Mphaka akagwira khoswe amapita naye pamalo pomwe amadyera mwamtendere, pomwe wapatenga ngati kwawo. Mutuwo sanaudule sing'anga, anaudya mphaka yemweyo.

"Ndiye mukuti ndi mphatso?" anatero a Kachingwe.

"Mphatso kaya si mphatso, achimwene, koma akuthawo ndi makoswe omwe amakutherani chimanga."

Thumba anandipatsa monyinyirika. Minibasi inandisiya, koma sindidandaula.

Chomwe chikundiwawa n'chakuti timakhala ndi ziwetozi zaka ndi zaka osazidziwa. Galu akakumba dzenje pabwalo kukatentha, akufuna dothi lozizira pogonapo, ife tayamba kale kuwerenga odwala m'mudzi. Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe, koma sanati akukumba manda. Mphaka wamkazi akamalira ngati khanda, akuitana amuna, si kuti afiti afika. Galu akabisa mchira ndi kupinda makutu ndiye kuti ali ndi mantha. Ife timati akudziwa chomwe walakwa, n'kumuwonjezera chibonga, mawa lake n'kudabwa kuti waluma mwana.

Nanga zizindikiro zoopsa zenizeni? Galu wofatsa akasintha mwadzidzidzi, dovu lili chuchuchu, n'kumaluma chilichonse, pamenepo timangoti wadya zoipa. Akakanda mwana timatsuka ndi mchere, kuchipatala osapita. Chiwewe chomwe chimaphadi sitichiopa, tikuopa khoswe wakufa.

Mantha a Mayi Kachingwe sindikuwaseka. Munthu wapakati amaopa zambiri, ndipo khoswe wopanda mutu sakongola pakhomo. Koma mantha athu akasowa pogwira, n'chifukwa chiyani nthawi zonse amakagwera mayi yemwe alibe mwamuna womuyankhira?

Madzulo ndinakatula mphaka uja kwawo. Ndinkaganiza kuti Abiti Saidi akondwa. Sanamuyang'ane n'komwe. Anandiyalira mkeka, kenako anandifunsa motsitsa mawu:

"Mwachita bwino, bambo. Koma mwana wa kwa a Kachingweyo akadzabadwa ndi vuto, ine ndidzathawira kuti?"

Ndinakwiya. Ndikadali wokwiya pomwe ndikulemba pano. Moyo wa mayiyu tsopano wamangidwa pa mimba ya munthu wina, pomwe iwo sanalakwe kanthu.

Choncho ndawauza a Kachingwe maso ndi maso kuti kumasula thumba sikukwanira. Mawu anatuluka m'nyumba mwawo, ndipo ndi iwo ayenera kukawabweza pamaso pa anthu, mwana asanabadwe. Akadzawabweza pambuyo pake sadzamveka. Mpaka pano akuti aganizire kaye. Aganize ndithu, ine pakhomo pawo sindisiya kugogoda.

Inu amene munamva nkhaniyi pamsika n'kuipatsira mnzanu, tsiku lomwe anthu adzatole miyala, mudzati inu simunaponye nawo?