Tambala wa a Gondwe

Masiku amenewo Boma la Mzimba lili latsopano, ife obwera kuchokera ku Halale tinkapikisana kukwera chitunda panjinga, mmodzimmodzi, aphunzitsi a Tembo atagwira wotchi pamwamba pa chitundacho. Mphotho yake inali tambala. Tsikulo kunagwa mvula yoti achule ankapempha pousa. Ndinawamva ndekha.

Njinga ndinabwereka kwa alamu anga, amene anati ikangoda matope adzatenga mlongo wawo. Choncho nditakhota posaoneka, ndinaisenza pamutu n'kuthamanga, ndipo ndinaikweranso pafupi ndi pamwamba. Ndinapambana.

A Tembo anayang'ana matayala oyera, kenako miyendo yanga yamatope. "Ada, mwapalasa chomene."

"Yewo, asambizi," ndinatero osaphethira.

Tambala wa mphothoyo anayenera kukhala wa anzathu a Gondwe, amene anapalasadi nagwa katatu. Ndinawagawira khosi.