Mawu Amene Sitinena ku Tsalani

Mudzi wathu uli pamsana pa phiri, kumtunda kwa Chimbiya, kumene nkhungu imachedwa kuchoka ngati mlendo wopanda manyazi. Dzina lake ndi Tsalani. Anzanga a ku Lilongwe akamva amaseka, ati dzina lanji lothamangitsa alendo. Ndimaseka nawo, koma pang'ono.

Mbiri yake ndinaimva kwa amayi tikukumba mbatata ya kachewere, iwo patsogolo ndi khasu, ine pambuyo ndikutola. Ankati makolo athu pochokera kumwera anafika paphiripo mayi wina ali ndi pakati, miyendo itatupa. Ulendo sukanaima chifukwa cha munthu mmodzi. Mwamuna wake anamusiya pansi pa thanthwe ndi azakhali ake, nati tsalani, ndikapeza malo ndibwera. Sanabwerenso. Achewa amene ankakhala kale m'phirimo ndiwo anamuchiritsa mayiyo, n'kumupatsa mbewu ya mawere. Kaya mwamunayo anaphedwa kaya anangopeza mkazi wina, amayi ankati zimatengera kuti akufotokozayo ndi wamwamuna kapena wamkazi.

N'chifukwa chake kwathu munthu akamachoka sanena kuti tsalani bwino. Ngakhale wopita ku Joni amangoti ndifike apa. Mlendo akalakwitsa timamubweza, kumukhazikanso pamphasa, kuti anyamuke bwino. Wansembe wina watsopano tinamubweza atakwera kale njinga yamoto, ndipo amene anagwira chiwongolero anali amayi, akuseka mpaka misozi.

Chaka chimene amayi anayamba kutupa mimba ndinapita kukawatenga kuti akaonedwe kuchipatala. Anakana kwa nthawi ndithu, ati nyemba zikufuna kupalira. Tsiku limene anavomera tinawagoneka pamatiresi m'ngolo, poti mvula ikagwa galimoto sifika kwathu. Achemwali anga aakulu ndiwo ankatsala pakhomo. Ine mtima unali m'malo. Ndinali nditawagulira kale nsapato zoti adzavale pobwerera.

Ng'ombe zisanasunthe, amayi anadzutsa mutu. Anayang'ana nkhokwe, khola, munda wa nyemba uja, kenako achemwali.

"Tsalani bwino," anatero.

Achemwali anathamanga n'kugwira goli. "Amayi, mwalakwitsa. Tsikani, mukhale pamphasa, munyamukenso."

"Sindinalakwitse, mwanawe. Siya goli."

Palibe anaseka. Mwini ngolo anayang'ana pansi, kudikira kuti wina amuuze chochita, ndipo amayi ndiwo anamuuza kuti tiyeni. Njira yonse yotsika phiri ndinkawakalipira chamumtima. Ndinakwiya nawo, chifukwa ndinadziwa kuti amayi si munthu woiwala mwambo.

Tinabwera nawo pangolo yomweyo, nyemba zisanakhwime. Nsapato zija zikadali m'pepala lake.

Masiku ano ndikapita kwathu ndimayamba ndakaona pamene anagona, m'munsi mwa thanthwe lija. Ndimazula udzu, ndimawauza za ana. Tsopano otsala ndi iwo, wochoka ndine, ndipo zimandiwawa ulendo uliwonse. Ndikaimirira ndimangoti, amayi, ndifike apa.