Transifoma imene ndinalibe

Ndinanamiza mkulu wosalakwa katatu konse, ndipo mpaka lero minibasi imene kuno amati matatu ikamadutsa ku Umoja ndimayang'ana kumbali.

Zaka ziwiri ndinkasakasaka kompyuta yachikale ngati imene ndinaphunzirirapo kutayipa ku Zomba, ija ya chimutu chachikulu, yolira ngati chigayo poyaka. Ndinaipeza ku Umoja konko, kwa a Mutua, mmisiri wokonza mawailesi. Anavutika nayo masabata atatu mpaka inadzuka.

Pondipatsa anati, "Iyi ndi ya ku Amereka, magetsi akuno amaikulira. Tengani transifoma iyi, muzilumikizira pamenepa."

Nditaikweza transifomayo, inkalemera ngati njerwa zinayi, ndiye ndiganize zopanikizana nayo m'matatu, chikompyuta chili pamiyendo. Ndinati, "Ndili nayo kunyumba." Ndinalibe.

Nditafika sindinavule n'nsapato zomwe. Ndinaganiza kuti kamphindi kamodzi sikangaphe chinthu, n'kulumikiza kukhoma. Inangoti phu, kautsi n'kutuluka, nyumba yonse fungo la pulasitiki.

M'mawa ndinabwerera nayo nkhope ili gwa. "Yangozima yokha," ndinatero, ngati wolakwa ndi iwo.

A Mutua ananunkhiza kumbuyo kwake. "Transifoma yanu ija ndi yamtundu wanji?"

"Yakuda," ndinayankha.

Sanaseke. Anati chimene chapsacho sichipezekanso, kenako anatenga transifoma yawo ija n'kundiika m'manja. "Pole, pepani. Iyi muzikhala nayo."

Ndinainyamula m'matatu momwemo, ndipo sinandithyole msana. Pano ndimatsekerezera chitseko cha kukhitchini, ndipo sabata iliyonse imandipunthwitsa chala.