Phiri la tsabola la a Dezso

Achimwene anga a Dezso anagwira ntchito ya njanji mumzinda wa Szolnok mpaka kumera imvi. Atapuma, anadzaza chipinda chonse ndi tinjanji ndi timasitima toseweretsa. Nzeru ankazitapa m'magazini akalekale a timasitima, odzaza kabati yonse. Magaziniwo ndi amene anawaphunzitsa kuumba kaphiri kodutsamo kasitima ndi nyuzipepala ndi phala la ufa wa tirigu.

Makoswe analikonda phirilo. Atalidya mbali imodzi, anapitirira kukhitchini.

Alamu anga a Piroska anakalipa: "Inu bambo, tayamba kuweta makoswe? Akapanda kuchoka, mapepala anuwa ndikolezera mbaula!"

"Dekhani mayi. Amene analemba za phala analembanso za makoswe."

"Fulumirani ndiye, asanadye tsambalo."

A Dezso anafufuza mpaka maso kufiira. Analipezadi, m'magazini ina yothetheka: thirani tsabola wowawa m'phalamo. Pokonzanso phirilo, iwo anakhuthuliramo chitini chonse cha tsabola wa akazi awo.

Makoswe anasamuka, magazini aja sanapse. Koma mpaka lero kasitima kakatuluka m'phirimo alendo amayetsemula, ndipo tsabola wawo a Piroska amachita kutsekera ndi loko.