Matuza pa Kabokosi ka Mlongo Wanga

Dzulo kuno ku Chileka mwana wanga ankamata zithunzi pakatoni, ntchito ya kusukulu. Guluu atamuthera, ndinamuphikira kaphala ka ufa wa chinangwa. Fungo lake lowawasa lija linandibwezera ku Lirangwe.

Ndinali wamng'ono pamene mlongo wanga anamwalira, atangoyamba kumene kuyenda. M'nyumba azimayi ankalira. Kuseri, adzukulu anali atakhoma kabokosi ndi matabwa a kireti ya sopo. Zilembo zofiira za sopoyo zinkaonekabe, ndipo bambo anakana kuti mwana wawo apite choncho.

Anathothola mapepala a kalendala yakale n'kuyamba kuwamata pabokosipo ndi phala la chinangwa, mbali yoyera ili kunja. Pepala lililonse linkatupa matuza, ndipo akalikanikiza ndi chikhatho linkang'ambika.

Atandiona ndikusuzumira pakona, sanandithamangitse.

"Tabwera, tizala tako n'tating'ono," anatero, akundipatsa singano ya amayi. "Boola thuzalo m'mbali, kenako usisite pang'onopang'ono ndi kansalu aka. Mpweya wonse utuluke."

Ndinagwada pafumbi. Phala linkazizira m'zala, ntchentche zikutera pamphika. Ndikaboola n'kusisita, thuza linkaphwa, pepala n'kugona bwinobwino. Ndinamaliza m'mbali monse, n'kufika pachivundikiro.

Pamenepo ndinaima, singano ili m'manja.

"Ababa, tikatulutsa mpweya wonse, iyeyu azipuma bwanji?"

Bambo anayang'ana kumbali. Kenako analoza thuza lina pakona.

"Latsala ili," anatero motsitsa mawu.