Kompyuta Yoiwala Zimene Ndaiuza

Ndinalemba kalata yoyamba yodandaula za kompyuta yathu Lolemba lotsatira Isitala, chaka chimene ndinapuma pantchito. Kope la kalatayo ndili nalo m'faelo yobiriwira, pamodzi ndi lisiti la kompyutayo.

Kompyuta imeneyi anatigulira mwana wathu wamkazi wa ku Woodlands. Ndi yapatebulo, ili pakona pabalaza m'nyumba yathu ku Kabwata. Kwenikweni anagulira amayi ake, amene maso awo ayamba kuchita nkhungu. Phunziro la Sabata limabwera pa imelo, ndipo mwanayo anaikamo pulogalamu imene imalitsegula ndi zilembo zikuluzikulu, n'kumakumbukiranso tsamba limene munthu walekezera. Anandionetsa posankhira kuti mapepala onse azitseguka ndi pulogalamuyo, ine n'kusankha ndi chala changa.

Kwa kanthawi zinayenda. Akazi anga ankawerenga mokweza madzulo, akumatsutsana ndi wolemba phunziro ngati wakhala nawo pampando womwewo. Ine ndinkanamizira kuwerenga nyuzi.

Tsiku lina magetsi atangobwera, kompyuta inalemba kuti ikudzikonza, tisaizimitse. Itamaliza, phunziro linatseguka m'pulogalamu ya intaneti, tizilembo ngati nyerere, kuyambiranso tsamba loyamba. Ndinabwezeretsa. Patapita milungu ingapo, zomwezo. Ndinabwezeretsanso. Mlembi wanga kuofesi akanasintha mafaelo motero osandifunsa, tikanakhala pansi.

Tsono akazi anga ndi munthu wopukuta. M'mawa uliwonse amapukuta mabatani a kompyuta limodzilimodzi, kenako n'kuifunditsa nsalu yoluka okha. Zitachitika kachitatu ndinawapeza ataima patali, manja kumbuyo.

"Ndine ndikuiwononga," anatero. "Ndimadina penapake popukuta."

"Mumapukuta ili yozima, amayi. Yozima imamva chiyani?"

"Nanga inu mukagona, sindimakuyankhulani n'kumandiyankha?"

M'mawa mwake ndinakwera minibasi kupita m'tauni, kusitolo kumene inagulidwa, faelo ili kukhwapa. Bambo wapakauntala anamvetsera mpaka kumapeto, zimene ndimamuyamikira.

"Ba mudala, iyi si vuto ya shopu, ni ma apudeti, kuja imalemba ati izikonza. Ikachita apudeti imabwelela ku vamene ifuna yeka. Na yanga kunyumba imachita so."

"Ndiye kupukuta sikukhudzana nazo?"

"Awe! Ba mayo apukute chabe, olo na sopo. Koma osati sopo, ba mudala, naseka chabe."

"Ndilembereni zimenezo papepala."

"Ise tilemba chabe malisiti."

Nditafika kunyumba ndinafotokoza zonse. Akazi anga anapukusa mutu. "Wakuuzani zimenezo kuti mumuchokere pakauntala. Pepala lili kuti?" Zaka zonse zokhala ndi ine zawaphunzitsa kuti nkhani yopanda pepala ndi mphekesera, ndipo pamenepo sindingawatsutse. Mwana wathu anayesa kuwauza pafoni, iwo anati mwana sangauze mayi wake kuti walakwa.

Kuyambira pamenepo sanaikhudzenso. Ndikabwezeretsa zilembo zazikulu n'kuwakokera mpando, amati, "Ayi, ndingaiwonongenso, ndalama za mwana." Phunziro ndimawawerengera ndine, koma akuti ndimawerenga ngati ndikulengeza maliro, ndipo amasinza ndisanamalize. Kutchalitchi, m'kalasi lathu la akuluakulu, munthu amene ankaimika mkono aphunzitsi asanamalize funso tsopano amangokhala phee. Anzawo afika pondifunsa ngati akudwala.

Kubwezeretsako sikundivuta, ndazolowera. Chondivuta n'chakuti mayi wosalakwa akudziimba mlandu wa makina. Ndalembera opanga pulogalamu ya kompyutayi kangapo, ndipo chimene chimabwera ndi uthenga wothokoza kuti ndalemba.

Motero ndikupempha mwaulemu onse amene nkhaniyi ikuwakhudza kuti andiyankhe molemba, papepala lokhala ndi siginecha ya munthu, mafunso awiri: n'chifukwa chiyani zimene mwini kompyuta wasankha zimasinthidwa iye osafunsidwa, ndipo kodi akazi anga ali ndi mlandu uliwonse pankhaniyi? Yankho la funso lachiwirilo likhale m'zilembo zazikulu, kuti adziwerengere okha.